Ndalembetsa ku gulu lapadera la asilikali: kodi kumeneko amafuna munthu wotani?

"Bambo, ndine msilikali wa zaka 24 ndipo ndagwira ntchito zaka zitatu m'gulu la oyenda pansi. Ndalembetsa kuti ndikayesedwe ku gulu lapadera, ndipo mayeso ayamba pakatha miyezi isanu. Pothamanga palibe wondiposa pakati pa anzanga, ma push-up ndimapanga ambiri. Koma chiyambire kuthamanga nditabereka chikwama cholemera, msongolo wakumanzere ukumandipweteka, moti ndikumamwa mankhwala opha ululu kuti ndisadukize. Kusambira ndimangoyerekeza. Anzanga awiri amphamvu kuposa ine anabwerako sabata yoyamba isanathe, ndipo safuna kunena chimene chinachitika. Mkazi wanga sindinamuuze. Kodi kumeneko amafuna munthu wotani? Ndingadziwe bwanji kuti mtima wanga ndi wokwanira?"

Achimwene, zikomo chifukwa cholemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Nkhawa mwatchulazi si mantha. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonzekeretsa asilikali ku mayeso otere, amene ankandidetsa nkhawa ndi aja obwera akudziguguda pachifuwa kuti iwo palibe chingawagwetse. Munthu amene akufunsa mafunso kudakali miyezi isanu ali ndi mpata wokonza zinthu. Koma ndikuuzeni mosapsatira: mwa zonse mwalembazi, chimene chingakubwezeni msanga si mtima wanu ayi, ndi mwendowo. Tifikako. Tiyambe ndi funso lanu lalikulu.

Kuti mudziwe munthu amene amamufuna, yang'anani ntchito imene akamupatse. Pamene David Stirling ankayambitsa SAS, gulu lapadera la asilikali a ku Britain, ku North Africa mu 1941, ganizo lake linali loti anthu anayi kapena asanu, atalowa mwakachetechete kuseri kwa adani, angathe kuwononga ndege zili pansi kuposa chikhamu cha asilikali chobwera ndi phokoso. Mpaka lero magulu apadera amagwira ntchito m'timagulu ting'onoting'ono. Kagulu ka ma Green Beret a ku America kamakhala ndi anthu 12 okha. Mu batalioni ya anthu mazanamazana, mlesi mmodzi amatha kubisala pakati pa anzake mpaka kupuma pa ntchito osadziwika. Pa anthu anayi palibe pobisala. Mmodzi akagona pa ulonda, atatu enawo apita. Tsono aphunzitsi akamakuyang'anani, funso lili m'mitu mwawo ndi limodzi: munthu uyu akatopa, ali ndi njala, wanyowa, palibe womuona, kodi achitabe zimene anauzidwa? Kodi ine ndingagone tulo iyeyu akulondera? Mapiri, zikwama, madzi ozizira ndi kusowa tulo, zonsezo ndi njira chabe zopezera yankho la funso limeneli.

N'chifukwa chake anzanu awiri aja sakundidabwitsa. Aliyense wofika pa tsiku loyamba amakhala wamphamvu kale, ofookawo anatsala pa mayeso olowera. Komabe ku SAS amene amamaliza amakhala pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 aliwonse. Ku Coronado, ku California, kumene amasula ma Navy SEAL, gulu lapadera la asilikali a pamadzi a ku America, pa maphunziro a masabata 24 otchedwa BUD/S, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse samaliza. Ndipo ambiri sachita kuthamangitsidwa. Pamalopo pali belu. Wofuna kusiya amangopita kukaliza katatu, n'kuika chipewa chake pansi pamzere wa zipewa za ena amene anasiya kale. Palibe womukakamiza. Amasankha yekha.

Chimene chimagwetsa anthu amphamvu ndi chakuti anazolowera kukhala patsogolo. Kuyambira ku maphunziro oyamba a usilikali amakhala akuyamikiridwa, sajeni akuwalozera kwa anzawo kuti taonani uyu. Akafika ku mayeso a gulu lapadera amapeza kuti palibe wowayamikira, ndipo nthawi zambiri palibenso wowakalipira. Kukalipiridwa n'kosavuta, msilikali aliyense anakuzolowera, ndipo ena kumawapatsa mphamvu. Chovuta ndi chete uja. Mufika pa malo amene munauzidwa mutayenda maola ambiri, mphunzitsi akuyang'anani, alemba kenakake m'kabuku, akupatsani manambala a pa mapu a malo otsatira, basi. Simudziwa ngati mwachedwa kapena mwafulumira, simudziwa ngati kwatsala malo amodzi kapena asanu. Mutu umayamba kudzilankhula wokha: ndalephera kale, ndikungodzizunza pachabe. Ndaonapo anthu akusiya ali m'gulu la otsogola, chifukwa anadziweruza okha pomwe aphunzitsi anali asanawaweruze. Ntchito yokuchotsani ndi ya aphunzitsi. Musawathandize.

Chinanso chimene ndaona mobwerezabwereza n'chakuti anthu kawirikawiri sasiya zinthu zili pachimake. Akakhala pansi pa chipika kapena pakati pa mtsinje alibe nthawi yoganiza. Amasiya atakhala pansi, atangodya, thupi litayamba kufunda, kapena dzuwa likamalowa ataganiza za usiku umene ukubwera. Sabata ija imatchuka ku BUD/S, yotchedwa Hell Week, imatenga masiku asanu ndi theka, ndipo tulo tonse timene munthu amagona sabata yonseyo ndi ta maola anayi okha kapena kuchepera. Munthu akayesa kusenza masiku onsewo m'mutu nthawi imodzi Lolemba usiku, amathyoka. Amene amadutsa amadula nthawi m'zidutswa: ndifike pa chakudya chotsatira, ndifike pa mtengo uwo, ndifike kukacha. Ndimauza anyamata kuti adziikire lamulo asanapite n'komwe: sindipanga chiganizo chosiya usiku, ndili ndi njala kapena ndikuzizidwa, ndikachiganizira mawa ndikadya. Mawalo likafika, dzuwa litatuluka, maganizo aja amakhala atapita.

Ndiye dzifunseni moona mtima chimene mukufunira kupita. Ngati ndi chipewa, baji, ndalama yowonjezera kapena ulemu wa pakati pa anzanu, sindikunyozani, tonse ndife anthu. Koma zifukwa zotere sizipirira mvula ya usiku wachitatu, chifukwa mutu umapeza msanga njira ina yopezera ulemu kapena ndalama yosafuna kuvutika chonchi. Komanso mayesowa si ndiwo mapeto a mavuto. Ntchito yeniyeniyo ndi kugona m'tchire masiku ambiri osayankhula, osasamba, mukuyang'ana msewu umene mwina sipadutsa kanthu, ndipo mukabwerako simungauze aliyense. Walira mvula walira matope. Munthu amene amakonda usilikali weniweniwo, mapu, kuyenda, kusamala zida, kugwira ntchito ndi anthu odalirika, ndi amene amakhalitsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachotsetsa munthu ngakhale miyendo yake ikadali bwino. Choyamba ndi chinyengo. Pa mayeso a mapu ku Camp Mackall, ku North Carolina, kumene amasankhira ma Green Beret, munthu amayenda yekha usana ndi usiku ndipo saloledwa kutsata misewu. Msewu umakhala pomwepo, wosalala, palibe amene akuoneka, ndipo inu mwakhala maola awiri mukulimbana ndi zitsamba ndi dambo. Wogwidwa pamsewu amapita kwawo. M'mayeso ambiri chikwama amachikweza pa sikelo mosayembekezera, ndipo chikapezeka chopepuka nkhani yathera pomwepo, kapena akuwonjezerani mwala. Sikuti akuuma mtima. Munthu amene anganame pa kilogalamu imodzi adzanamanso pa wailesi kuti wafika pamalo pomwe sanafike, ndipo bodza lotero limaphetsa anthu. Mukalakwitsa, nenani nokha msanga. Aphunzitsi amakhululukira kusochera, koma sakhululukira kubisa.

Chachiwiri ndi mmene mumakhalira ndi anzanu. Ku Camp Mackall komweko, mayeso awo a masabata atatu amathera ndi ntchito za pagulu, kusenza zipika, zigubu ndi zinthu zolemera mtunda wautali, ndipo oyesedwawo amapatsidwa mpata wolemba za anzawo. Munthu atha kumaliza masiku onse osasiya koma osasankhidwa, chifukwa anzake anena kuti uyu sitingapite naye kunkhondo. Amaona amene amazemba mbali yolemera ya chipika, amene amadya mobisa, amene amakhala wakhama pokhapokha mphunzitsi akayandikira, amene amatukwana wotsalira m'malo momutengera mfuti. Munthu wopsa mtima msanga ayambe lero kudzigwira, chifukwa tulo tikasowa khalidwe lobisika limatulukira poyera. Ndipo nthabwala zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Amene angaseketse anzake ali m'matope 3 koloko ya m'bandakucha ndi munthu wamtengo wapatali. Upangiri wina umene mudzamve ndi woti musamaonekere, mukhale pakatikati. Uli ndi nzeru yake ngati ukutanthauza kusadzionetsera, koma ena amaumva molakwika n'kumabisala. Ikafika nthawi yanu yotsogolera, tsogolerani. Ikafika ya wina, mverani ngakhale mukuona kuti inu mukanachita bwino kuposa iye.

Tsopano mwendo uja. Kupweteka kwa msongolo kuli mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. Kukakhala kofalikira, kotsata m'mphepete mwa fupa mtunda wotalikirapo, ndipo kumachepa thupi likatenthedwa, kawirikawiri ndi minofu ndi khungu lokuta fupa zimene zalemedwa, ndipo zimatha mukachepetsa katundu. Koma kukakhala pamalo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, kukumakula mukamapitiriza kuyenda, kukumapweteka ngakhale mwagona usiku kapena mukadumpha ndi mwendo umodziwo, ganizirani zoti fupa layamba mng'alu. Fupa limalimba pang'onopang'ono kuposa mapapo ndi minofu. Inu othamanga bwino ndi amene muli pangozi kwambiri, chifukwa mpweya umakulolani kuchita zimene mafupa sanakonzekere. Pitani kwa dokotala wa kumalo anu a ntchito sabata ino, osati mwezi wamawa. Dziwaninso kuti mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyambirira, choncho chithunzi chikaoneka bwino koma ululu ukupitirira, bwereraninso, mwina pangafunike MRI, makina ojambula m'thupi amene amaona zimene X-ray siona. Mng'alu ukapezeka msanga umapola m'masabata 6 mpaka 8 mukaupumitsa. Mukaukakamiza, fupa limatha kuthyokeratu, ndiye mwataya chaka chonse kapena ntchito imene.

Mankhwala opha ululuwo asiyeni kuwagwiritsa ntchito ngati chophimbira. Akukutsekani makutu kuti musamve zimene fupa likunena. Kuwonjezera apo, mankhwala a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac amalemetsa impso, makamaka munthu akataya madzi ambiri m'thupi, ndipo amatha kukanda m'mimba.

Kuthamanga mutabereka chikwama cholemera siyani kaye. Mayeso ambiri otere amapambanidwa poyenda mwachangu ndi katundu maola ambiri, osati pothamanga. Taonani za ku Brecon Beacons, ku Wales, kumene a SAS amayeserako anthu. Ulendo wotchedwa Fan Dance ndi wa makilomita 24, kukwera phiri la Pen y Fan la mamita 886, kutsikira mbali inayo, n'kubwereranso, m'maola pafupifupi anayi. Ulendo womaliza wa gawo la mapiri ndi wa makilomita 64, chikwama cha makilogalamu 25 osawerengera mfuti ndi madzi, m'maola pafupifupi 20, ndipo munthu amaufika atayenda kale masiku otsatizana. Apa liwiro lanu pothamanga mtunda waufupi silikuthandizani kwambiri. Chofunika ndi thupi loti lidzuke mawa n'kuchitanso zomwezo, mkuja chimodzimodzi.

Dokotala akakulolani, yambani ndi makilogalamu 10 kapena 12, kuyenda kamodzi kapena kawiri pa sabata. Mukamawonjezera, wonjezerani chimodzi, kulemera kapena mtunda, osati zonse ziwiri sabata imodzi. Sabata yachinayi iliyonse pepukitsani kuti mafupa apeze mpata. Muyeso wodziwika pakati pa asilikali a ku America ndi makilomita 19 m'maola atatu utabereka makilogalamu pafupifupi 16. Mukamaukwanitsa n'kudzuka mawa lake muli bwinobwino, mwayamba kufika. Kuthamanga kwanu kuzikhala kopanda katundu, kwambiri kukhale kwa pang'onopang'ono ndi kwa mtunda wautali. Limbitsani miyendo, chiuno ndi msana ponyamula zitsulo, ma squat (kunjuta ndi kudzuka mutasenza chitsulo) ndi ma deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi), chitani ma pull-up (kudzikoka ndi manja mutalendewera pa chitsulo), ndipo muziyenda mutanyamula zigubu za madzi m'manja monsemo, chifukwa zala zikatopa zonse zimagwa. Masabata awiri omaliza chepetsani kwambiri. Ambiri amafika pa tsiku loyamba atatopa kale ndiponso atavulala kale chifukwa cha mantha a kumapeto. Bola kufika muli ndi mphamvu zocheperako pang'ono koma thupi lili lathunthu.

Mapazi asamaleni ngati mfuti. Jombo zatsopano musapite nazo, zikhale zimene mwayenda nazo miyezi. Pezani masokosi amene amakuyanjani, dulani zikhadabo, phunzirani kumata malo amene ayamba kutentha thuza lisanatuluke, ndipo nthawi zina muziyenda mapazi atanyowa kuti mudziwe mmene amachitira. Ndaona amuna oti angakunyamuleni ndi dzanja limodzi akukwera galimoto yobwerera chifukwa cha matuza amene anasanduka zilonda.

Za kusambira, mawu oti mumangoyerekeza akundiuza kuti mumaopa madzi akuya. Miyezi isanu ndi yokwanira ngati muyamba tsopano, kawiri kapena katatu pa sabata, ndi mphunzitsi weniweni. Ndi mwayinso wanu, chifukwa kusambira kusunga mpweya wanu pamene mwendo ukupola. Funsani muyeso weniweni wa mayeso anu, mtunda wake, ngati mudzasambira mutavala yunifolomu ndi jombo, ndi mphindi zingati zoyandama malo amodzi. Chimene amayang'ana m'madzi si liwiro kwenikweni koma ngati mumasokonezeka madzi akalowa m'mphuno. Chenjezo limodzi lokha: musamayeserere kugwira mpweya pansi pa madzi muli nokha. Munthu amakomoka osamva chizindikiro chilichonse, ndipo osambira aluso amwalira motero m'madamu osaya n'komwe.

Mapu ndi kampasi simunazitchule, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa pang'ono. Wosochera amayenda mtunda wowirikiza, ndiye mphamvu zake zonse zimathera kukonza zolakwa. Dziwani kuchuluka kwa mapazi amene mumaponda pa mamita 100, pamalo athyathyathya, pokwera, ndi usiku mutabereka katundu. Phunzirani kuwerenga mizere ya mapiri ndi zigwa pa mapu mpaka muziona dziko m'mutu. GPS iiwaleni.

Pali zinthu zina zimene anyamata amayeserera koma sizithandiza. Kudzimana tulo pokonzekera sikuphunzitsa thupi kusagona, kumangochedwetsa kupola kwa minofu ndi mafupa. Gonani mokwanira miyezi yonseyi ndipo idyani mokhuta. Kudzimana madzi kuti muzolowere ludzu ndi kusewera ndi impso. Chimene thupi limazolowera ndi kutentha, ndipo zimatenga masiku 10 mpaka 14 mukuchita masewera pang'onopang'ono kumalo otentha. Ma steroid ndi mankhwala ena okuza minofu musawayandikire. Amawononga mtima ndi chiwindi, ndipo ngakhale asilikali a pamadzi a ku America anayamba mu 2023 kuyeza ma SEAL mosayembekezera pofuna kugwira ogwiritsa ntchito mankhwalawa.

Ndanena zambiri za kusasiya, tsono ndiyenera kunenanso mbali inayo, chifukwa mtima womwewo umene umadutsitsa anthu umaphanso. Mu July 2013 asilikali atatu anamwalira ndi kutentha kwa thupi pa mayeso a SAS ku Brecon Beacons komwe kuja, ndipo kafukufuku wa imfa zawo mu 2015 anapeza kuti panali kunyalanyaza pa kayendetsedwe ka ulendowo. Mu February 2022 mnyamata wina anamwalira ndi chibayo patangopita maola ochepa atamaliza Hell Week. Onsewa anali anthu olimba mtima kwambiri. Matuza, mapewa opweteka, njala, kuzizidwa ndi tulo, zimenezo zipirireni. Koma mukayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka, kusadziwa komwe muli, kusanza mosalekeza, ndiye kuti kutentha kwa m'thupi mwina kwadutsa madigiri 40, ndipo pafunika kuthiridwa madzi ozizira nthawi yomweyo. Vuto lake n'lakuti wodwalayo sadzizindikira, ndiye muziyang'anirana. Mkodzo wakuda kapena wofiirira kwambiri pamodzi ndi minofu yotupa ndi yopweteka modabwitsa ndi chizindikiro choti minofu ikusweka ndipo impso zili pangozi. Kupweteka pachifuwa, kubanika mutangokhala, kutsokomola magazi kapena thovu, zonsezi n'zopita nazo kwa achipatala osachedwa. Ngakhale madzi akumwa, mukawamwa ochuluka mopitirira osadya kanthu ka mchere, amasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kukomoka. Pa kuyezedwa kwa kuchipatala musabise kalikonse, kaya mphumu, kukomoka kwa kale, kapena wachibale amene anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono. Pemphaninso kuyezedwa ngati muli ndi chibadwa cha sickle cell, vuto la m'magazi lotengera kwa makolo, chifukwa munthu atha kukhala nacho osadwalapo, koma chimawonjezera ngozi yogwa pa ntchito yolemetsa kwambiri m'nyengo yotentha.

Akazi anu auzeni, ndipo muwauze msanga. Si nkhani ya ulemu wokha. Mukasankhidwa, iwo ndi amene adzakhale miyezi osadziwa komwe muli, akulera ana okha, ndipo ali ndi ufulu wonenapo maganizo awo zisanachitike. Komanso nkhani iliyonse imene mwaisiya yosakonza kunyumba, ngongole, mkangano, mwana wodwala, idzakupezani pa phiri usiku, ndipo idzakupatsani chifukwa chomveka bwino chosiyira. Ambiri amene amati ndasiya chifukwa cha banja amanena zoona, kungoti nkhaniyo inayenera kukambidwa asananyamuke. Ngati pali zina zimene zikukusowetsani tulo, zoopsa zimene munaona ku ntchito, kapena mowa umene wayamba kukulamulirani, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala wa maganizo musanapite. Mayesowa sachiza zimenezo, amazikuza.

Anzanu awiri aja musawakakamize kuyankhula, manyazi akadali nawo. Mukapeza mpata, afunseni zinthu zooneka: chimene akanakonda atanyamula, tsiku limene mapazi anayamba kuvuta. Mudzaphunzira zambiri kuposa mutawafunsa chifukwa chimene anasiyira. Ndipo kubwerako si kutha kwa usilikali. Magulu ambiri amalola kuyesanso, ku SAS mwayi umakhala kawiri, ndipo wochotsedwa chifukwa chovulala amaonedwa mosiyana ndi wosiya yekha. Popeza mipata ndi yowerengeka chonchi, musawononge umodzi ndi mwendo wokayikitsa. Dokotala akapeza mng'alu, werengani: miyezi iwiri yopola, kenako miyezi itatu yokha yoyambiranso katundu kuchokera pansi. Kwa ine imeneyo ndi yochepa. Zikatero pitani kwa mkulu wanu mukapemphe kuti dzina lanu lisamutsidwire ku gulu lotsatira, ndipo miyezi yowonjezerayo muithere m'madzi ndi pa mapu.